Nyimbo Imene Apongozi Anga Anakana Kubwereketsa

Mwezi uno takwanitsa chaka chiikireni apongozi anga m'manda, ndipo ana akhala akundiumiriza kuti ndilembe za agogo awo popeza ndine ndinakhala nawo nthawi yaitali. Kukhala nawo ndinakhala nawodi, koma asaiwale kuti ndinenso ndinakangana nawo kuposa munthu wina aliyense mu Ndirande muno. Tsono wofuna mbiri ya mngelo akafunse kwina. Ine ndilemba za mayi wamfupi, wamakani, amene anandiliza kangapo konse, koma lero ndikuwasowa mpaka mtima kuwawa.

Dzina lawo la ubatizo linali Esitere, koma aliyense ankangoti a Nachisale. Anachoka ku Thyolo amuna awo atamwalira, nabwera m'tauni ndi ana awiri, Wilisoni ndi Malita, n'kuyamba kugulitsa nyemba mumsika. Wilisoniyo ndiye bambo a kunyumba kwanga. Sukulu apongozi anga sanaiponde, ndipo buku la nyimbo sanaligwirepo, koma nyimbo zonse zinali m'mutu, ndime ndi ndime. Za nkhope yawo ankadziseka okha kuti akale anati ukaipa dziwa nyimbo, ndipo iwo malangizowo anawamvera bwino.

Masiku amenewo tchalitchi chathu chinalibe choimbira chilichonse. Mlaliki akatchula nyimbo, pankafunika munthu mmodzi woiyambitsa, wodziwa poigwira kuti abambo asatsamwe ndipo amayi asang'ambike kukhosi. Ntchito imeneyo inali ya a Nachisale, m'tchalitchi ndi pamaliro pomwe. Mawu awo sanali okoma ngati a pa wailesi ayi. Anali okhuthala, okandapala pang'ono, koma akawatulutsa, munthu wokazinga chimanga kutsidya kwa mtsinje wa Nasolo ankadziwa kuti mapemphero ayamba.

Vuto lawo linali lakuti woyambitsa nyimbo amathanso kuiimitsa. Lamulungu lina tili pakati pa ndime yachiwiri, munalowa mayi wina atavala nsapato zazitali zogogoda pansi. Makosi onse anatembenuka, koma pakamwa pakuimbabe. Apongozi anga anangoti zii, ndipo nyimbo inafera m'malere. Kenaka anati, mokweza ndithu, "Tiyeni tione kaye nsapatozi, tikakhuta tiimbire Mulungu." Mwini nsapato sanabwerenso kwa mwezi wathunthu, ndipo akuluampingo anawaitanitsa a Nachisale kuti akafotokoze. Kwa mayi uja anapita okha kukapepesa, popeza mayiyo analibe mlandu. Koma kwa mpingo anakana kupepesa.

Ankakonda kunena kuti pakamwa ndi waganyu, amalima paliponse pamene wamutuma ngakhale mwini munda kulibe. Ankatinso Mulungu si gonthi woti tizimukuwira, komanso si mwana woti tizimunyengerera ndi phokoso. Ine zimenezi zinandipeza ndili mtengwa wa sabata ziwiri zokha. Anandiuza kuti ndipempherere tiyi, ndipo ndinathamanga nalo pempherolo monga tinkachitira kwathu, mpweya umodzi mpaka ameni. Nditatsegula maso ndinapeza akundiyang'ana.

"Mwalankhula ndi yani, mwana wanga?"

"Ndi Mulungu, amayi."

"Oo. Ine ndimayesa mukuthamangitsa nkhuku."

Ndinakalirira kuseri kwa bafa, ndipo ndinalumbira kuti sindidzapempheranso pamaso pawo. Lumbirolo silinathe ngakhale masiku atatu, chifukwa m'nyumba imeneyo munthu sankamwa ndi madzi omwe osathokoza.

Pafupi ndi benchi lawo la nyemba panali telala wachisilamu, Che Wadi. Lachisanu dzuwa likafika pamutu, bambo ameneyu ankasiya makina, ngakhale diresi la ukwati lili pakati pa msoko, n'kupita kumzikiti. Apongozi anga ndiwo ankamulondera makinawo, ndipo makasitomala odandaula ankawauza kuti adikire, munthuyo wapita kwa Mwini wake. Mkulu wina wa mpingo atawadzudzula kuti amatama bwanji munthu wa chipembedzo china, anamuyankha kuti tsiku limene iye adzasiye kasitomala pakhomo chifukwa cha pemphero, adzamutamanso chimodzimodzi. Mkuluyo anali ndi golosale imene inkatsegulidwa chitseko chakumbuyo Lamulungu, ndipo nkhaniyo inathera pomwepo.

Anthu ena masiku ano amafuna kuwasandutsa munthu wa ndale. Sanali. M'zaka zija za chipani chimodzi khadi anali nalo, nsalu ya chipani ankavala, ndipo lole ikabwera kudzatenga amayi okavina, ankakwera monga tonsefe. Ankati miyendo ikhoza kuvinira mfumu iliyonse, palibe tchimo pamenepo. Chimene anakana chinali chinthu chimodzi chokha, nyimbo imodzi.

Nyimboyo inabadwa Malita atamwalira pobereka, iye ndi khanda lomwe. Apongozi anga anakhala mwezi wathunthu osayambitsa nyimbo, osalankhula za Mulungu, osatsutsa ngakhale mapemphero anga. Tinaopa kuti mutu wasokonekera. Tsiku lina tikuchapa ku Nasolo ndinamva akung'ung'udza, kenaka mawu anatuluka: "Ndinagwa m'njira, anandidzutsa ndani?" Anadziyankha okha, akumenyetsa chovala pamwala: "Yesu yekha, Yesu yekha, palibe wina." Pasanathe chaka nyimboyo inali itafalikira. Panalibe maliro mu Ndirande, a mpingo wathu kapena wina, amene ankatha osaiimba. Iwo ankafunsa, khamu lonse n'kuyankha.

Chaka china kunamveka kuti mtsogoleri wa dziko abwera ku sitediyamu, ndipo amayi a dera lililonse akonze nyimbo yatsopano. Wapampando wa amayi a chipani kwathu kuno anali mayi Chapola, mkhristu mnzathu wa mpingo womwewo. Sanali munthu woipa, ndinene zoona. Anali wokonda kuonekera, komanso wamantha ngati tonsefe. Anafika kunyumba masana ena atanyamula phava la nthochi, nkhope ili ngwee.

"A Nachisale, nyimbo ya Ndirande tayipeza. Ndi yanu ija. Tangotchenja mawu pang'ono, tchuni ndi chomwecho."

Anaiimba pomwepo pakhonde. Funso linali lakuti tinagona mumdima, anatidzutsa ndani. Pamene timatchula Yesu anaikapo dzina la mtsogoleri, ndipo zotsalazo anazisiya momwe zinalili.

"Taimbaninso kothera kuja," anatero apongozi anga.

Mayi Chapola anabwereza.

"Palibe wina? Mayi Chapola, inuyo mukukhulupirira zimenezo?"

"Aa, inunso! Ndi nyimbo chabe iyi. Ndani amakhulupirira za m'nyimbo?"

"Ine."

Sanakane mwachipongwe. Anati awapekera nyimbo ina, yotama misewu, sukulu ndi chimanga, nyimbo yoti fumbi likabuke mu sitediyamu, ndipo adzaitsogolera okha mpaka mawu atasasa. Koma iyi yokha ayi, anati inaperekedwa kale kwa Mwini wake, ndipo chopereka sabwereketsa. Mayi Chapola nkhope inagwa. Anaulula kuti anali ataiimba kale pamaso pa mayi wamkulu wa chipani wa ku boma, ndipo mayiyo anaikonda kwambiri. Kubwerera m'mbuyo kunalibe.

Sabata ziwiri tinkasonkhana pabwalo la sukulu kuphunzira mawu atsopanowo, wina akutsogolera. Sizinkayenda. Mawu a mayi ameneyo ankathera pamzere wachitatu, ndipo akumbuyo ankangovina mongoganizira. Tsono kunabwera uthenga wakuti Loweruka mayi wamkulu uja adzabwera kudzaonera, ndipo akufuna mwini nyimbo ndiye adzaime pakati.

Apa ndiyenera kunena chimene chinali pachiswe. Wilisoni anali kalaliki mu ofesi ya boma, munthu woyamba m'banja lonse kuvala tayi. Tinali ndi ana atatu, woyamba Chikondi. Aliyense ankadziwa kuti masiku amenewo munthu akalakwira chipani, mlandu sunkathera pa iye yekha, unkalowa m'nyumba monse. Lachisanu ataweruka kuntchito, bambo a Chikondi anagwada pamaso pa mayi awo, tayi ali pakhosi.

"Amayi, basi ya ku Thyolo ilipo mawa m'mawa. Tidzanena kuti kwagwa zovuta kumudzi."

"Wamwalira ndani?"

"Palibe, koma..."

"Ndiye ndiphe munthu ndi pakamwa?"

"Chabwino, mangani kansalu pakhosi. Tinene kuti ndi chifuwa, mawu atsekeka."

"Wilisoni, mwana wanga, ndiname kuti nditeteze nyimbo ya Mulungu? Ndiye ndateteza chiyani?"

Ine ndinalowerera ndi nzeru zanga. Ndinati Mulungu amaona mumtima, tsono pakamwa pangoimba zawozo, mtima uzitchula Yesu. Anandiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku la tiyi lija, n'kunena kuti mapanga awiri avumbwitsa. Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo ndinalankhula mawu amene ndimachita nawo manyazi mpaka lero.

"Inu mwakalamba, amayi, zanu munadya kale. Ifeyo ana awa tidzawadyetsa nyimbo?"

Ndinaona kuti mawuwo alasa. Kenaka anati sakufuna kuvutitsa munthu, mawa akanenanso poyera kuti mawu atsopanowo saimba, ndipo akapempha kuti aime kumbuyo azingovina. Koma akakawakankhira pakati, akaimba chimene akuchidziwa.

Loweruka dzuwa linaswa mtengo. Bwalo linadzaza amayi, tonse mu nsalu imodzi, ndipo m'mbali munali anyamata a chipani ndi ndodo zawo. Mayi wamkulu uja anakhala pampando pansi pa ambulera, chikwama chili pamiyendo. Ng'oma zitayamba, mayi Chapola anawagwira dzanja apongozi anga.

"Ndinanena kale, mayi Chapola, mawu anuwo sindiimba," anatero, ndipo oyandikira tonse tinamva.

"Tiyeni, mayi, musatichititse manyazi pamaso pa alendo."

Anawakokera pakati. Ndikhulupirira ankaganiza kuti mantha amaliza ntchito imene nthochi zinalephera, chifukwa mantha anali asanalepherepo pa munthu aliyense amene iwo ankamudziwa.

Apongozi anga anaima, kamunthu kakafupi pakati pa bwalo lonse lija. Anatsinzina. Anadikira ng'oma izungulire kamodzi, n'kutulutsa mawu onse amene anali nawo, monga ankachitira bokosi likamatuluka m'nyumba.

"Ndinagwa m'njira, anandidzutsa ndani?"

Ndipo bwalo lonse linayankha: "Yesu yekha, Yesu yekha, palibe wina!"

Palibe anapangana. Mawu atsopano aja anali a sabata ziwiri, pamene akalewo tinali titaikira nawo amayi athu, amuna athu ndi ana athu kwa zaka. Liwu limenelo likafunsa funso limenelo, yankho linkatuluka lokha munthu asanaganize. Ine amene ndinalalata dzulo lake ndinayankha. Mayi Chapola anayankha, dzanja lili m'mwamba. Apongozi anga anafunsanso kachiwiri, ifenso kachiwiri, ena misozi ili mbwembwembwe. Kachitatu m'pamene tinadzidzimuka. Mawu anayamba kuzima mzere ndi mzere, ng'oma zinaleka, ndipo mayi wa pa ambulera uja anali ataimirira. A Nachisale anamaliza ndimeyo okhaokha, kufunsa ndi kudziyankha, osafulumira, kenaka anatsegula maso n'kukonza mpango wawo.

Anyamata a chipani aja anawatenga apongozi anga pomwepo. Anabwerako patapita masiku anayi, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo khutu lakumanzere silinamvenso mpaka imfa yawo. Zimene zinachitika kumeneko sanauze munthu. Tikafunsa ankangoti khutu la miseche ndi limene latsekeka, latsala la ulaliki. Benchi lawo la mumsika linapatsidwa kwa wina. Mayi Chapola anachotsedwa pampando sabata yomweyo, ndipo nyimboyo ku sitediyamu sinakaimbidwe, poopa kuti amayi angayankhenso zomwezo.

Mwezi usanathe, bambo a Chikondi analandira kalata ya mizere itatu. Ntchito inatha. Anayendayenda m'makampani, koma paliponse mbiri inkafika iwo asanafike. Akale anati nkhuyu zodya mwana zipota akulu, koma kwathu zinatembenuka, anadya ndi akulu, kupota ana. Mapeto ake anakaphunzira kukhoma zidebe ndi mbaula kwa amisiri a m'mbali mwa msewu, ndipo manja aja ogwira cholembera anadzaza mabala a malata. Ku ofesi sanabwererenso moyo wawo wonse.

Chimene chinawapweteka kwambiri apongozi anga sichinali khutu kapena benchi. Akuluampingo anabwera kunyumba, zipewa zili m'manja, kudzapempha kuti ayambe apuma pa ntchito yoyambitsa nyimbo kufikira mphepo itadutsa. Nyimbo yawo ija inaletsedwa m'tchalitchi ndi pamaliro pomwe. Mphepoyo inatenga zaka zambiri. Nthawi yonseyo sanajombe Lamulungu ngakhale limodzi. Ankafika woyamba, kusesa, kukhala pansi, n'kumatsatira nyimbo zoyambitsidwa ndi ena, zina zokwera moti ngakhale mbalame sizikanafikako. Nditawafunsa mwachipongwe chifukwa chimene sakusamukira mpingo wina, anati kutchalitchi sankapitira akuluampingo.

Ine ndinapatula mphika. Chaka chathunthu tinkaphika pawiri m'nyumba imodzi, moni wa m'mawa yekha basi. Ndinkauza anthu kuti ndakwiya chifukwa cha ntchito ya bambo, ndipo zinali zoona. Koma panali china chimene sindinkanena. Pabwalo paja ndi pamene ndinaimbira Mulungu ndi mtima wonse koyamba m'moyo wanga, mwangozi, nditavala nsalu ya chipani, ndipo ndinkadziwa kuti akanandifunsa ndekha ndikanakana. Iwo anachita dala chimene ine ndinachita mosadziwa. Zimenezo zinkandiwawa kuposa njala.

Tsiku lina ndikupititsa chakudya kumene bambo ankakhoma zidebe, ndinapeza apongozi anga ali komweko. Anali atagwada pa dothi, pakati pa zidutswa za malata, pamaso pa mwana wawo wobala okha. Amisiri ena anali atasiya nyundo.

"Wilisoni, ntchito yako ndinadya ndine. Sindikukana. Ndinakuphunzitsa ndi nyemba kuti usadzagwire nyundo, ndipo ndakugwiritsa nyundo ndine ndemwe. Undikhululukire."

Bambo anatula nyundo pansi.

"Koma ndisakunamize, mwana wanga. Atandiimikanso pakati paja mawa, ndidzaimba chimodzimodzi."

"Ndamva, amayi. Dzukani, mudzicheka ndi malata."

Anawadzutsa, n'kutolanso nyundo. Madzulo a tsiku limenelo ndinaphika mphika umodzi.

Bambo a Chikondi anawasamala mayi awo mpaka mapeto. Anawamangira chipinda, anawapezera malo ogulitsira nyemba pakhonde la Che Wadi, ndipo miyendo itayamba kukana ankawakweza pa njinga kupita nawo kutchalitchi. Mawu oipa sanawalankhulepo. Koma nyimbo ija sanaiimbenso. Zinthu zitasintha m'dziko, nyimboyo inabwerera, ndipo amene anaipempha koyamba anali mayi Chapola, pa maliro a amuna awo. Kuyambira pamenepo inkaimbidwa paliponse, achinyamata osadziwa n'komwe mwini wake. Ikayamba, bambo ankangoyang'ana pansi, milomo ili yotseka. Apongozi anga ankaona, ndipo sanawakakamize. Anandiuza kamodzi kokha kuti bola mwana wawo amene watseka pakamwa moona kusiyana ndi khamu loimba monama, koma ponena zimenezo maso anali atadzaza misozi. Ngakhale pa maliro awo chaka chatha, Ndirande yense akuyankha mpaka kumanda, bambo anayenda kumbuyo kwa bokosi ali duu.

M'tchalitchi mwathu, kumbali ya amayi, benchi lachitatu kumapeto kwenikweni, pali malo oyandikana ndi zenera losweka galasi limodzi. Anasankha pamenepo kuti khutu lakufa liloze kukhoma, lamoyo liloze kuguwa. Thabwa lake ndi losalala kuposa pena paliponse, ndipo pansi pali njerwa imene ankapondapo chifukwa miyendo sinkafika. Palibe analetsa munthu kukhalapo, koma amayi amafinyana asanu pa malo a anayi kusiyana n'kusunthira pamenepo. Njerwayo osesa amaizungulira.

Masiku ano tili ndi kiyibodi ndi masipika, ndipo woyambitsa nyimbo safunikanso. Koma Lamulungu lapitali magetsi anathima mlaliki atangoti tiimirire tiimbe. Tinaima chete. Kenaka ndinaona mitu ya akuluakulu onse ikutembenukira ku benchi lachitatu, monga tinazolowerera zaka zonse zija. Panali dzuwa lolowa pa galasi losweka lija, ndi njerwa pansi.

Ndiye kumbali ya abambo kunamveka mawu a nkhalamba, osasa, ogwira nyimbo pansi kwambiri, a munthu amene makutu ake anagontha ndi nyundo.

"Ndinagwa m'njira, anandidzutsa ndani?"

Tchalitchi chonse chinayankha. Ine ndekha ndinalephera. Ndinangogwira m'mphepete mwa benchi, n'kumayang'ana malo aja mpaka bambo a Chikondi anamaliza ndime zonse.